Msonkho mwatolera, utsi mwatisiyira

Tsiku la msika likatha kwathu kuno, mnyamata wosesa amaunjika zinyalala kuseri kwa mabenchi a usipa. Mumulumo mumakhala majumbo, mabotolo a pulasitiki, nsanza za kaunjika, matewera a ana ndi mabatire akutha. Amakhwatcha machesi n'kumapita. Moto wake suyaka lawilawi, umangonyeka usiku wonse, ndipo utsi wakuda wonunkha phula umakwawa pansi, kulowa m'nyumba kudzera m'mipata ya zitseko.

Ndinaona mayi wina wokazinga zitumbuwa amene nyumba yake yayang'anizana ndi dzala limeneli. Anali atakhala pakhonde m'bandakucha, mwana ali pamiyendo, nthiti zikukoka, mpweya ukulira ngati kamluzu. Anandiuza kuti mwezi umenewo anali atapita naye kuchipatala kawiri, ndipo adokotala anati ndi chibayo.

Chimandiwawa n'chakuti m'mawa wa tsiku la msika lomwelo wotolera msonkho wa khonsolo anayenda benchi ndi benchi akudula matikiti. Sanadumphe ngakhale gogo woyala timilu titatu ta bonongwe pathumba. Potolera ndalama khonsolo imadzuka tambala woyamba. Ikafika nkhani yochotsa zinyalala, mumva kuti thirakitala inawonongeka, mafuta palibe. Kumeneku ndi kudya thukuta la amphawi n'kuwabwezera matenda.

Abwana a kukhonsolo, mphamvu muli nazo. Lamulo la maboma aang'ono la 1998 linakupatsani udindo wosamalira ukhondo wa m'misika komanso ufulu wopanga malamulo anu a m'boma. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko linalibe makhansala, mwina pamenepo panali pothawira. Lero makhansala alipo, tinawavotera tokha. Pali lamulo la zachilengedwe la 2017, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi boma poletsa majumbo opyapyala. Nanga majumbo amene akunyeka kuseri kwa msika wathu akulowera pati inu osawaona?

Utsi wa pamsika uli ndi anzake. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala tchire limapsa phiri ndi phiri chifukwa cha osaka mbewa ndi ososa m'minda, mpaka dzuwa limalowa lofiira ngati khala. Mauvuni a njerwa amawotchedwa pafupi ndi sukulu, ana akuphunzira maso ali misozi. Sindikudzudzula mnyamata wokumba mbewa kapena woumba njerwa, amenewo akusaka ya mchere. Ndikudzudzula amene analumbira kutiteteza, amene amakhala misonkhano ya kunyanja n'kulandira maalawansi, koma sanayitanepo mafumu ndi makomiti a chitukuko kuti agwirizane malo owotchera njerwa kapena nthawi yolambula tchire.

Chifukwa chake tikuchidziwa. Mlatho ndi mjigo zimajambulika, munthu amadulapo riboni n'kupemphera mavoti. Mpweya wabwino ulibe riboni. Komanso amene akutsokomola ndi amayi ndi makanda a kumudzi, anthu amene mawu awo safika kuboma. Utsi womwewu utati ufuke usiku umodzi wokha pawindo la nyumba ya bwanamkubwa, thirakitala ija ingachire tsiku lomwelo.

Sitikupempha zakumwamba. Kumbani dzala kutali ndi nyumba za anthu, lembani ganyu ngolo ziwiri za ng'ombe zizinyamula zinyalala, ndipo mumate pachipata cha msika pepala losonyeza ndalama zimene mwatolera ndi kumene zapita. Loweruka likubwerali kuli msika, ndipo mayi uja adzadulanso tikiti.