Magazi sanama, tisanamize anamwino

Pali khalidwe lina kuno ku Mecanhelas limene likundidetsa nkhawa. Munthu amapita ku usodzi ku Chiuta kapena ku Chilwa, kapena kukachita malonda ku Entre Lagos, n'kukhala masabata atatu osamwa ma ARV. Tsiku lopita kuchipatala likayandikira, amayamba kumwa mwakhama. Anamwino akafunsa, yankho lake ndi lakuti, "Sindinadumphitse ngakhale tsiku limodzi."

Dziwani kuti akatswiri ali ndi njira zingapo zoyezera kuchuluka kwa mankhwala m'thupi. Tiyeni tione tenofovir, mmodzi mwa mankhwala atatu a m'piritsi la TLD limene linayamba kuperekedwa m'dziko muno mu 2019. Akayeza madzi a m'magazi kapena mkodzo, amaona zimene munamwa masiku ochepa apitawo. Njira imeneyi munthu angathe kuipusitsa. Koma akadontheza magazi pakapepala n'kuumitsa, amaona mankhwala amene anaunjikana m'maselo ofiira kwa masabata 6 mpaka 8. Tsitsi nalo limasunga mbiri ya masabata ambiri. Apa mapiritsi a dzulo ndi dzana sathandiza kubisa kanthu.

Zambiri mwa njira zimenezi zimafuna makina odula, ndipo zimagwiritsidwa ntchito kwambiri pa kafukufuku. Chimene ife tili nacho ndi carga viral, kuyeza kuchuluka kwa kachilombo. Zotsatira zikapitirira 1000, pali zifukwa ziwiri zikuluzikulu: mwina simukumwa bwino, kapena kachilombo kayamba kupima mankhwalawo. Pepala la zotsatira silinena chifukwa chake. Amene anganene ndinu.

Mukabisa, a chipatala angaganize kuti mankhwala alephera, n'kukusinthirani ena pamene oyambawo akanagwirabe ntchito. Komanso kumwa modukizadukiza kumapatsa kachilombo mpata woswana, ndipo mungapatsire akazi anu kapena mwana woyamwa.

Ena amati amaopa kukalipidwa. Mantha amenewa ndi omveka, n'chifukwa chake tikupempha anamwino athu kuti azifunsa mofatsa. Koma inunso nenani zoona. Ngati ulendo ndi wautali, pemphani mankhwala a miyezi itatu, kapena lowani m'gulu la GAAC, njira imene inayambira ku Tete mu 2008, yolandirirana mankhwala mosinthana.

Kudumphitsa si mlandu wopita nawo kwa amfumu. Nenani, muthandizidwe.