Tiki ziwiri za buluu zaulula a ngongole

 Sabata ino ndati tikambe za munthu amene tonse timamudziwa, uja anatenga katundu n'kunena kuti "ndidzakupatsani mwezi ukatha." Mwezi wake uti, sanatchule.

Kale munthu wa ngongole ankakhetsa thukuta. Ankazungulira ku mzere wa nsomba kuti asadutse pa benchi panu. Mukamulondola kunyumba, mwana ankatuluka n'kunena kuti "bambo akuti kulibe." Mafoni atabwera, bodza linapepuka. "Halo? Halo? Netiweki ikuvuta, ndili pa boda ku Mwanza!" Chonsecho kumbuyo kwake mukumva kondakitala akuitanira anthu a ku Chilomoni.

Ndiye kunabwera WhatsApp. Mu 2014, chaka chomwe Facebook inagula WhatsApp, eni ake anaikamo tiki za buluu zija. Ine sindikhulupirira kuti ankaganizira mayi wa kaunjika wa ku Ndirande, koma anamupatsa mboni yosafuna soda. Kwa amene mwangogula kumene foni yopalasa, mverani. Tiki imodzi ndiye kuti uthenga wachoka kwa inu koma sunafike, mwina foni yake yazima kapena bandulo yatha. Tiki ziwiri zotuwa ndiye kuti wafika. Zikasanduka za buluu, mkuluyo wautsegula, wauona, ndipo wakhala chete mwadala. Asa!

Koma a ngongole nawo si ana. Ena amawerengera pamwamba pa foni pamene uthenga umatulukira, osautsegula. Ena analowa mkati n'kuzimitsiratu tiki za buluuzo, moti zanu zimakhala zotuwa mpaka Khirisimasi. Apa ndipamene ndikufuna ndikunong'onezeni. Kale batani lozimitsalo silinkagwira pa voice note. Munkangomutumizira mawu. Akangomvetsera, kamayikolofoni kaja kankasanduka ka buluu, afune asafune. Koma pa gulupu ndiye siligwira. Ngati muli naye pa gulupu la banki m'khonde kapena la mpingo, foni imakuonetsani mayina a onse amene awerenga zomwe mwalemba.

Komatu mawuwo azikhala afupi. Ena a inu mumayamba ndi "mwadzuka bwanji, nanga ana, nanga alamu anga, mvula kumeneko ikugwa?" Mphindi 7 zatha, za ndalama simunafikepo. Dziwani kuti kuyambira mu 2021 munthu atha kuthamangitsa mawu anu kawiri, moti ukali wanu wonse uja amaumva ngati kulira kwa anapiye, iye akuseka.

Za pa gulupu ndichenjezepo. Kuona kuti wawerenga n'kwina, kumutukwana pamaso pa anthu 80 n'kwinanso. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za pa intaneti, ndipo limaletsa kuzunza kapena kunyoza munthu kudzera pa foni. Mudzapezeka inuyo mwini ndalama mukufotokoza ku polisi, wa ngongole ali pa mpando wa odandaula, atavala jekete lomwe sanalipire.

Chimene chimandimaliza ine ndi status. Inabwera mu 2017, ndipo chithunzi chimakhalapo maola 24. Maola amenewo ndi okwanira kuswa mtima wa munthu wa geni. Wina ali nanu K30,000 ya nsapato. Dzulo lomweli wakuuzani kuti zinthu zavuta, mwana ali m'chipatala. Lero mukutsegula foni, suyu ali ku nyanja ku Salima, chambo chili pa mbale, botolo lili m'manja, pansi walemba kuti "Mulungu ndi wabwino." Ndi wabwinodi, palibe akutsutsa. Koma nsapato zili ku mapazizo ndi zanga! Ochenjera amakubisirani status, poti foni imalola kusankha anthu oti asaone. Amaiwala kuti nambala ya mkazi wanu nayo ali nayo, ndipo mayi a kunyumba sadumpha status ya munthu.

Wina anganene kuti tikungoseka. Ayi ndithu. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 pa 100. Amene anatenga katundu mu Okutobala n'kudzalipira mu Januwale, ngakhale anabweza yonse osatsala tambala, mpamba wanu anaudya, chifukwa belo lomwelo munakalipeza pa mtengo wina. Ngongole ikagona, sigona yokha.

Tsono pali ena oipa kuposa ozemba, ndiwo olipira ndi mphepo. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo zatithandiza, sitikumanganso ndalama pa chitenje. Koma akamberembere nawo anaphunzira sukulu yomweyo. Amakuonetsani chithunzi pa foni yawo, "onani mayi, ndatumiza." Chithunzi si ndalama. Mwana wa Fomu 2 atha kuchikonza akudikira nsima. Ena amakutumizirani uthenga wolembedwa ndendende ngati wa kampani, koma mukayang'ana pamwamba wachokera ku nambala wamba ya 09 kapena 08. Msika uli phokoso, makasitomala atatu akukukokani, inu mwangoona ziro zambiri n'kupereka katundu. Musamuchitire manyazi munthu, ngakhale atavala tayi. Dinani *211# kapena *444#, onani nokha ngati ndalama yawonjezekera, katundu atuluke pambuyo. Chimodzimodzi uja amaimba akulira kuti "ndatumiza molakwika, ndibwezereni, ndi ya maliro." Yambani mwaona balansi. Ndipo woimba aliyense wofunsa PIN yanu, kaya akuti ali ku likulu, mudulireni foni. A MACRA analamula kuti manambala onse alembetsedwe mu 2018, tinaima pa mizere ndi ziphaso zathu, koma mbava sizinapume pa ntchito.

Nanga uja mwamutumizira mauthenga sabata yonse, tiki ili imodzi yokha, chithunzi chake chasowa, mukaimba pa WhatsApp sikulowa? Musamadzinamize kuti kwawo magetsi anazima. Wakubulokani. Bwerekani foni ya mnzanu wa benchi loyandikana, mumulembere kuti mukufuna kumutumizira ndalama koma nambala yake mwaisokoneza. Ayankha tiyi wanu asanazizire. Mukatero tsegulani kope la ngongole lija pa tsamba lake, mutenge ndi tcheyamani wa mzere wanu, mukagogode 5 koloko m'mawa.