Kodi Aumphawi a ku Mapiri Kuno ndi Aulesi?

Pali mawu amene tatopa nako kuwamva, ndipo mwezi uno tafuna kuwaika pabwalo. Tiwamva pa maliro, tiwamva pa msika, tiwamvanso ngakhale pakhomo pa nyumba ya mapemphero anthu atangotuluka. Munthu wa nyumba yamalata akaona mnzake wa nsalu yong'ambika alikupita m'njira, apukusa mutu nanena kuti, "Anthu awa ndi aulesi. Kuno ku Dedza mvula siisowa, nthaka ibala chimanga, nyemba ndi kachewere. Wosauka kuno wadzisaukitsa yekha." Ife tikana mawu amenewa. Sitiwakana chifukwa cha chisoni chokha ayi, koma chifukwa ali onama, ndipo bodza lake lipindulitsa omwewo amene alinena.

Amene akayika adzuke mbandakucha mwezi wa Juni, pamene chisanu chayeretsa udzu, natsikire ku madimba a ku Bembeke. Adzapeza amayi atayamba kale kutunga madzi ozizira othirira kabichi ndi kachewere, mwana ali kumsana, zala zitauma. Akakwera ku msewu adzakomana ndi ena atasenza mitolo ya nkhuni, ndi anyamata akukankha njinga zolemedwa ndi matumba pa zitunda zimene ng'ombe yomwe ikadapumirapo kawiri. Kodi amenewa ndiwo aulesi aja? Ntchito kwathu kuno siisowa. Chosowa ndi mphotho yake.

Ndiponso mawu awa si atsopano, ndipo si ife tinawayamba. Azungu oyamba a minda ya khofi ndi thonje, posowa antchito, ananena chimodzimodzi za makolo athu. Pamenepo Boma la masiku aja linakonza msonkho wa nyumba mochenjera: zaka za m'ma 1900 zitangoyamba, munthu wosagwira ntchito kwa Mzungu ankapereka masheleni 6, koma wogwirako mwezi umodzi ankapereka 3 okha, ndipo tsankho limeneli linakhalapo kufikira 1921. Munthu wolima munda wake chaka chonse ankayesedwa wosagwira ntchito, chifukwa thukuta lake silinagwere m'munda wa mwini ndalama. Nanga "aulesi" amenewo anachitanji? Ananyamuka wapansi, ufa uli pamutu, kudutsa ku Tete ndi kuoloka Zambezi, kukafuna ndalama ku Salisbury, kumene lero tikutcha Harare, ndi ku migodi ya ku Joni. Mu 1935 Boma linaika bungwe lofufuza za anthu otuluka m'dziko, lotsogozedwa ndi Bwana Lacey, ndipo linapeza kuti amuna ngati 120,000 anali kunja, ndi kuti ambiri mwa iwo sanali kudzabweranso. Amenewo ndiwo machona, ndipo ndi mabanja owerengeka kuno amene alibe wawo.

Kwa mibadwo iwiri kapena itatu ndalama ya m'midzi muno inali kuchokera kutali. Njinga, malata, makina osokera ndi mabulangete zinabwera ndi a Wenela ndi a Mthandizi. Koma mu Epulo 1974 ndege ya Wenela inagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70 amene anali kubwerera kwawo, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Khomolo linatsegukanso pang'ono mu 1977 ndi dzina la TEBA, koma mu 1988 linatsekeka ndithu. Tsono tifunse: khomo lija litatsekeka, ndi liti lina limene linatseguka kwathu kuno? Pa boma pa Dedza pali maofesi, masitolo, chipatala ndi masukulu, koma onse olembedwamo ntchito ya pamwezi sangadzaze ngakhale midzi ya mfumu imodzi. Mnyamata amene tamphunzitsa zaka 8 kapena 12, akatuluka ndi pepala lake, apeza njira zitatu: kabaza, ulendo wa ku Joni wopanda makalata okwanira, kapena khasu la ganyu.

Pamene anthu anali kuchuluka, nthaka sinatambasuke. Kalembera wa 1998 anapeza anthu osafika 500,000 m'boma la Dedza. Wa 2018 anapeza oposa 830,000. Munda umene agogo ankalima okha wagawidwa kwa ana aakazi, anawo agawiranso ana awo, ndipo lero mdzukulu ali ndi kachigawo koti akaima pakati alankhula ndi a m'malire onse osakweza mawu. Kale munda ukatopa ankaugoneka natsegula mphanje. Lero augoneka bwanji, pokhala ndi womwewo? Chotero nthaka yaguga, kaufiti wamera, ndipo popanda feteleza chimanga chingofika m'chiuno.

Koma chimene tifuna kuti muchiyang'anitsitse ndi chaka cha banja losauka, mwezi ndi mwezi, pakuti m'menemo ndimo muli msampha.

Mwezi wa Meyi akolola. Nkhokwe siidzala, komabe ayenera kugulitsako, chifukwa ngongole ya m'dzinja ilikudikira pakhomo, mwana afuna yunifolomu, m'nyumba mulibe sopo kapena mchere. Agulitsa tsono pa nthawi imene aliyense alikugulitsa, pamene mtengo uli pansi penipeni. Pofika Novembala kapena Disembala nkhokwe yatha. Mvula yagwa, abzala, ndipo chimanga chikamera udzu umeranso pamodzi nacho. Mlimi aliyense adziwa kuti chimanga chosapaliridwa m'masabata ake oyamba sichibwereranso mwakale, ungachikonde bwanji pambuyo pake. Ndipo ndi masabata omwewo pamene m'nyumba mulibe ufa. Mayi aima pakhomo m'mawa, khasu lili m'manja, ndipo njira zili ziwiri: kumanja kuli munda wake umene udzamdyetsa mu Epulo, kumanzere kuli munda wa mnzake umene umdyetsa lero madzulo. Ana alikulira lero. Apita kumanzere. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi, pena mpaka kuoloka malire kukalima ku Angonia. Akabwerera ku munda wake apeza udzu wapitirira chimanga, masamba achita chikasu. Mwezi wa Febuluwale agula chimanga chomwe chija anagulitsa mu Meyi, koma pa mtengo wowirikiza. Akalephera, akongola ndowa imodzi ya katapila kuti adzabweze ziwiri pokolola. Ndipo chimanga chake chochepacho ayamba kuchidya chisanakhwime. Meyi akafikanso nkhokwe ili yochepa kuposa chaka chatha.

Ife aphunzitsi sitisowa kufunsa kuti mwezi wa njala wafika. Buku la maina litiuza. Mu Okutobala kalasi lidzala kufikira pakhomo. Mu Januwale mipata ioneka, ndipo ukafunsa uyankhidwa kuti, "Wapita ndi amake kuganyu," kapena, "Akulera mwana." Amene abwera agona tulo dzuwa lisanafike pamutu.

Tsono munthu wodutsa m'njira aona minda iwiri yoyandikana, wina woyera wobiriwira, wina wathengo. Anena kuti, "Taonani munda wa wakhama ndi munda wa mlesi." Sadziwa kuti minda yonse iwiriyo ili ndi mlimi mmodzi. Manja amene anayeretsa woyambawo ndi a mwini wachiwiriwo.

Apa nkhani ifika pa ife eni, ndipo sitidzapatula aphunzitsi, pakuti nafenso, ndi kamalipiro kathu ka pamwezi, tilembetsa ganyu. Amene awerenga tsamba lino ambiri ndi akulu a mpingo, atsogoleri a amayi, eni magolosale, anthu amene nkhokwe zawo zifika mu Malichi. Minda yobiriwira ija ndi yathu. Tidzifunse m'mene tilipirira. Si zoona kodi kuti njala ikakula ndime italika ndipo malipiro afupika? Pakhomo pakaima anthu khumi ofuna ganyu mmodzi, tidziwa kuti sadzakana chilichonse, ndipo tiloza mizere yoti munthu aimalize masiku awiri ndi mtengo wa tsiku limodzi. Ena alipira ndi gaga amene akadapatsa nkhumba. Ena, ntchito itatha, anena kuti, "Mubwere Loweruka," ngati kuti mimba ya mwana idziwa Loweruka. Ena abwereka munda wa wamasiye ndi ndalama yochepa pa nthawi ya matenda, naulima zaka ndi zaka, mwini wake nasanduka waganyu m'munda wa amake. Ndipo Sabata likafika onsewa akhala pa mpando umodzi, mlembi ndi wolembedwa, ndipo potuluka wina atcha mnzake mlesi. Mawu amenewa ali ndi ntchito yake: atonthoza mtima wa wolipira pang'ono. Ngati wosauka wadzisaukitsa yekha, ndiye kuti ife tilibe mlandu.

Wina adzati, "Nanga kachewere? Si ndalama kodi imeneyo?" Ndi ndalama ndithu, ndipo mbatata ya ku mapiri ano ndi a ku Ntcheu ndiyo idzaza ziwaya za tchipisi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma kachewere afuna mbewu yabwino, feteleza, ndi mankhwala opopera chiwawu, ndipo wosauka alibe zonse zitatu. Amene wayesetsa nakolola agwa m'manja mwa ogula. Imani tsiku limodzi pamphambano ya ku Bembeke kapena pa msika wa Lizulu, muone. Sikelo simudzaiona kawirikawiri. Muyeso ndi ndowa ndi thumba. Ndowa yogulira kwa mlimi ndi yotakasuka, ndipo aidzaza mpaka mulu pamwamba. Ndowa yogulitsira wapaulendo ndi yomenyedwa kunsi. Thumba alisokerera mlomo wina pamwamba kufikira amuna awiri alephera kulinyamula, koma dzina lake likhalabe thumba limodzi. Mlimi sangathe kunena kuti, "Ndidikira mtengo ukwere," pakuti kachewere si chimanga. Akakhala nthawi aphuka kapena aola, ndipo wogula adziwa chimenecho bwino lomwe. Angokhala pa galimoto lake nadikira dzuwa lipendeke.

Tisanamizidwe kuti tabisa kanthu. Aulesi alipo. Alipo amuna amene ganyu wa mkazi athera ku kachasu, ndipo tidawadzudzula kale ndipo tidzawadzudzulanso. Koma kafukufuku wa Boma wa 2019 ndi 2020 anapeza kuti theka la anthu a m'Malawi ndi osauka. Kodi mudzanena kuti pa anthu awiri alionse mmodzi ndi chidakwa? Tivomerezanso kuti ganyu apulumutsa miyoyo. Tonse amene tinaona njala ya 2002 tikumbukira kuti choopsa chachikulu chinali chakuti ganyu yemweyo anasowa, popeza ndi opeza bwino omwe nkhokwe zinawathera, ndipo anthu anayamba kudya mizu ndi zitsinde za nthochi. Chotero sitinena kuti ganyu athe. Tinena kuti wolembetsa ganyu asadziyese wopereka mphatso. Iye wagula masiku amtengo wapatali koposa m'chaka chonse cha mnzake, ndipo wawagula motchipa.

Za Boma tinene mwachidule. Feteleza wotsika mtengo anayamba mu 2005, nasinthidwa dzina ndi makonzedwe mu 2020, ndipo wathandiza ambiri. Koma amene alibe ndalama yoombolera thumba lake mu Novembala agulitsa mwayi wake kwa amene ali nayo, ndipo fetelezayo akathera m'munda wobiriwira uja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, mitengo ya m'sitolo nilumpha. Ndime ya ganyu sinalumphe nayo. Mu 2024 Boma linalamula kuti wantchito asalandire zochepera K90,000 pa mwezi, koma lamulo lotero lithera pa zipata za makampani. Palibe mlonda wa lamulo amene afika pa mzere wa chimanga.

Kumeneko afikako ndi ife tokha. Makolo athu anali ndi dima: mudzi wonse unkapalira munda wa mmodzi lero, wa wina mawa, ndi thobwa kapena mowa, ndipo munda wa nkhalamba sunkatsala. Sitinena kuti masiku amenewo adzabwerera monga analili, koma mpingo uli ndi magulu a amayi, a abambo ndi a achinyamata amene atha kuumba njerwa zikwi zambiri za nyumba ya mbusa. Alephera bwanji kupatula masiku awiri mu Disembala kupalira minda ya amasiye ndi odwala a m'mudzi mwawo? Tipemphanso akulu a mpingo uliwonse kuti agwirizane poyera muyeso wa ndime ndi mtengo wake, naulengeze, kuti usatsike njala ikakula. Kuti malipiro aperekedwe tsiku lomwelo, ndi chimanga kapena ndalama, osati gaga. Ndi kuti waganyu amasulidwe dzuwa likafika pamutu, akaoneko munda wake. Katapila wa chimanga pakati pa anthu a mpingo umodzi aweruzidwe monga tiweruzira milandu ina imene tiifulumirira kwambiri. Pa masika, pamene chimanga chili chotsika mtengo, mpingo ugule matumba angapo, usunge, udzabwereketse mu Januwale ndowa kubweza ndowa. Ndipo alimi a kachewere a mudzi umodzi asonkhe ndalama agule sikelo yawo, atumize anthu awiri kukalankhula ndi wogula m'malo mwa onse, pakuti wogula apambana chifukwa akomana nafe mmodzimmodzi.

Nkhani izi zikambidwe pa msonkhano wa mu Okutobala, mvula isanagwe. Mukazidikiritsa kufikira Febuluwale, eni nkhani sadzapezeka pa msonkhanopo. Adzakhala ali m'minda yathu.