Mkanjo Ubwezedwa, Chofunda Chitsala

Werengani: 2 Mafumu 2:1-22



Nyengo ino ya kumapeto kwa chaka, pamene mvula yoyamba yagwa ndipo aliyense ali kalikiliki ndi khasu, ndiyonso nyengo imene ana athu ambiri amatsiriza maphunziro awo apamwamba. Masiku apitawa tinaitanidwa ku mwambo wa mtsikana wina wa mu mpingo mwathu amene watsiriza maphunziro a uphunzitsi. Linali tsiku lokoma ndithu. Pamene dzina lake linatchulidwa, amayi ake analulutira mpaka mawu anasasa, ndipo atate ake, amene anagulitsa ng'ombe zawo za pangolo kuti mwanayo afike pamenepo, anangovula chipewa ndi kuweramitsa mutu.

Koma chimene chatsala mumtima mwathu ndi chimene tinaona mwambo utatha. Ophunzira aja anandanda pakhomo la ofesi kubweza mikanjo yakuda ija ndi zipewa zake, pakuti zinali zobwereka. Patapita kanthawi tinampeza mtsikana uja pamsewu atavala chitenje monga masiku onse, pambali pake pali sutikesi, ndowa ndi bulangete lokulunga, akudikira chapa. Anali kulira. Titamfunsa, anati, "Abusa, zaka zonsezi ndikamagona ndinkadziwa chimene ndidzachite mawa. Lero sindikudziwa."

Mawu amenewa ndiwo atikakamiza kulembera inu nonse amene mukutsazika sukulu chaka chino: aphunzitsi, anamwino, alangizi a zaulimi, abusa atsopano ndi ena otero, pamodzi ndi makolo ndi mipingo imene ikukulandirani.

Tiyambe ndi kuyamika, chifukwa tsiku lotere silinangogwa kumwamba. Pamene dziko lathu linalandira ufulu pa 25 Juni 1975, anthu oposa 90 mwa anthu 100 alionse sankadziwa kulemba ndi kuwerenga. M'dziko lonse munali yunivesite imodzi yokha, ku likulu, imene inatsegulidwa mu 1962 ndipo inapatsidwa dzina la Eduardo Mondlane mu 1976. Kuno ku Angonia, makolo athu m'chikhulupiriro anaona misyoni ya ku Mphatso ikutsekedwa ndi boma la atsamunda mu 1922. Ambiri a msinkhu wathu tinaphunzira a, e, i, o, u pansi pa mtengo ku Dedza ndi ku Ntcheu tili othawa nkhondo, ndipo pangano la mtendere litasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, tinabwerera ndi kupeza sukulu zambiri zili mabwinja. Pambuyo pake ku Vila Ulongwe kunatsegulidwa sukulu ya ubusa ya Hefsiba, ndipo Universidade Zambeze, imene inakhazikitsidwa mu 2007, inaika kumeneko nthambi yake ya maphunziro a ulimi. Chotero pepala limene mwalandiralo ndi chinthu chimene agogo anu anachilakalaka osachiona. Lasindikizidwa dzina lanu lokha, koma analivutikira ndi anthu ambiri.

Nanga tsopano, mutabweza mkanjo, mwatsala ndi chiyani? Baibulo lili ndi nkhani ya wophunzira wina pa tsiku lake lotsazika, ndipo ikhoza kutithandiza. Wophunzirayo ndi Elisa. Iye anali mwana wa kumunda monga ambiri a ife, pakuti mneneri Eliya anampeza akulima ndi ng'ombe (1 Mafumu 19:19). Anasiya goli, natsata Eliya, ndipo anthu anamdziwa monga mnyamata wosambitsa mneneriyo m'manja (2 Mafumu 3:11). Imeneyo ndiyo inali sukulu yake. Tsiku lotsiriza litafika, awiriwo anayenda kuchokera ku Giligala kupita ku Beteli, ku Yeriko, mpaka ku mtsinje wa Yordano. Katatu konse Eliya anamuuza kuti atsale, ndipo katatu konse Elisa anakana. Anawoloka mtsinje, ndipo tsidya lija Eliya anatengedwa ndi kamvuluvulu kunka kumwamba. Elisa anatsala yekha m'chipululu, wopanda womuuza chochita mawa.

Choyamba chimene Elisa anachita ndi kung'amba zovala zake, monga ankachitira Aisraeli pa maliro. Pano tikuphunzira kuti misozi ya tsiku lotsazika si kusowa chikhulupiriro. Munagona chipinda chimodzi ndi anzanu ochokera ku Beira, ku Quelimane, ku Nampula, amene simunamvane nawo chilankhulo cha kwawo, koma munagawana nawo sopo, mchere ndi buku limodzi. Munapemphera pamodzi usiku woti mawa ndi mayeso. Ena mwa iwo simudzawaonanso pansi pano. Ifenso tikukumbukira tsiku limene tinachoka ku sukulu ya Baibulo: tinagwirana chanza ndi kulonjezana kuti tidzayenderana, koma zaka zapita, ndipo ena tinangomva uthenga wa maliro awo. Ndiye lirani, musachite manyazi. Koma musachoke ndi mangawa. Amene munamlakwira kampepeseni, amene munamkongola kambwezereni, mphunzitsi amene anakupirirani kamthokozeni. Akulu anati, ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza.

Chachiwiri, taonani chimene Elisa anapempha asanasiyane ndi mphunzitsi wake. Anapempha magawo awiri a mzimu umene unali pa Eliya. Ena amayesa kuti ankafuna kuposa Eliya kawiri, koma si tanthauzo lake. M'chilamulo cha Mose, magawo awiri a chuma cha atate ankaperekedwa kwa mwana woyamba kubadwa (Deuteronomo 21:17), chifukwa iyeyo ndiye ankatsala ndi udindo wosunga banja. Elisa anali kupempha mphamvu yosenzera katundu. Ndipo chimene anatola pansi Eliya atapita chinali chofunda chake, chovala chakale cha munthu woyenda m'fumbi, chimene chinkatanthauza ntchito. Mkanjo wa pa mwambo umavalidwa maola ochepa, umakoma pa chithunzi, kenako umabwezedwa kuti chaka chamawa avale wina. Chofunda sichibwezedwa. Amene waphunzira unamwino watola chofunda cha odwala. Amene waphunzira uphunzitsi watola chofunda cha ana a anthu ena, ndipo tidziwa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachitatu, Elisa sanakhazikike pamalo pamene anaonera ulemerero. Anabwerera ku mtsinje, anamenya madzi ndi chofunda chija, nawolokera tsidya lino, kumene kunali anthu. Ku Yeriko ana a aneneri, ophunzira anzake, anamkakamiza kuti atume amuna 50 kukafunafuna Eliya m'mapiri ndi m'zigwa. Anafuna masiku atatu osampeza. Ambiri otsiriza sukulu amataya zaka pa ulendo wonga umenewo. Thupi lili kumudzi, mtima uli ku sukulu. Amadzuka dzuwa lili pamutu, amakhala pa foni kucheza ndi anzawo akale, ndipo chilichonse cha pakhomo chimawanyansa: madzi a pachitsime, utsi wa kukhitchini, mapemphero a pa mlaga. Moyo wa ku sukulu unali wabwino, koma watha. Mukaufunafuna m'mapiri simudzaupeza.

Ntchito yoyamba ya Elisa inali ya madzi. Anthu a ku Yeriko anamdandaulira kuti mudzi wawo unali pamalo abwino, koma madzi ake anali oipa ndipo nthaka siinkabala. Iye anaitanitsa mbale yatsopano yokhala ndi mchere, anapita ku kasupe, nathira mcherewo m'dzina la Yehova, ndipo madzi anakhala bwino. Sanadikire kuitanidwa ku nyumba ya mfumu, ngakhale pambuyo pake mafumu anamfuna. Anayamba ndi vuto limene analipeza pakhomo. Kodi midzi yathu si yofanana ndi Yeriko? Dziko la Angonia ndi Tsangano ndi la chonde, limadyetsa mizinda chimanga, nyemba ndi kachewere, koma mlimi amagulitsa zokolola zake pa mtengo wolira chifukwa sadziwa kuwerengera zimene analowetsa m'munda. Muli ana ofika kalasi lachisanu osadziwa kuwerenga dzina lawo. Muli agogo amene amabwera ku chipatala ndi mankhwala koma osamva m'mene anawauzira kamwedwe kake, chifukwa anawauza m'Chipwitikizi. Mbale yatsopano ndinu. Chipwitikizi chimene mwaphunzira ndi chuma, chigwiritseni ntchito. Koma mukafika pakhomo gwadani, perekani moni m'chilankhulo chimene munayamwa, ndipo zimene mwaphunzirazo zimasulireni anthu anu kuti azimve.

Sitikufuna kukunamizani. Ena a inu mudzadikira chaka, zaka ziwiri, ngakhale kuposerapo, dzina lanu lisanatuluke pa mndandanda wa olembedwa ntchito. Ena mudzatumizidwa ku Chifunde, ku Maravia kapena ku Zumbu, kumene msewu umaduka nthawi ya dzinja. Pamenepo ndi pamene mayesero amafika. Adzabwera wina wonong'ona kuti akudziwa khomo lolowera, bola mupereke kangachepe kamene ambiri amakatcha "refresco". Kwa ana athu aakazi mtengo wake nthawi zina umakhala woipa koposa ndalama. Kumbukirani kuti Elisa nayenso anali ndi wophunzira wake, dzina lake Gehazi. Namani, mkulu wa nkhondo wa ku Aramu, atachira khate, Elisa anakana mphatso zake. Koma Gehazi anamthamangira mobisa, nanena bodza, nalandira matalente awiri a siliva ndi zovala ziwiri, ndipo pamodzi ndi zovalazo anatenganso khate (2 Mafumu 5). Ophunzira awiri, sukulu imodzi ya aneneri: wina anatola chofunda, wina anathamangira zovala. Ntchito yogula imafuna kubweza ndalama zimene munagulira, ndipo mudzazibweza pofinya odwala, makolo a ana a sukulu, ndi alimi osauka. Amene analowera pawindo moyo wake wonse amaopa kugogoda kwa pachitseko.

Podikirapo musapinde manja. Elisa sanachite manyazi kudziwika ndi ntchito yothira madzi m'manja mwa munthu wina. Khasu silifufuta dipuloma. Limani dimba, wetani nkhuku, thandizani ana a m'mudzi masamu madzulo, phunzitsani Sande Sukulu, thandizani msungichuma wa mpingo kulemba bwino mabuku a chopereka, werengerani okalamba makalata awo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Tinaonapo anyamata amene anakana ntchito zazing'ono chifukwa cha pepala lawo, ndipo lero amapezeka pa mowa kuyambira m'mawa, akufotokozera anthu m'mene ankakhozera mayeso. Tinaonanso ena amene anayamba ndi kuphunzitsa ana khumi pa khonde la tchalitchi, ndipo pamene ntchito inabwera, mudzi wonse unawachitira umboni.

Tili ndi mawu kwa inunso makolo. Munagulitsa mbuzi, ng'ombe ndi matumba a chimanga, ena munagona ndi njala kuti mwana aphunzire, ndipo Mulungu anaona zonsezo. Koma mwana si munda wa fodya woti mukolole chaka chomwecho. Akabwera ndi sutikesi yokha, musamfunse m'mawa uliwonse kuti ntchito ili kuti, kapena kumuyerekeza ndi mwana wa uje amene wamanga kale nyumba ya malata. Mawu otere ndiwo amakankhira ana athu m'manja mwa anthu achinyengo, ndipo ena amathawira ku Tete kapena ku Joni osatsazika, chifukwa choopa maso a kwawo. Ndi bwino mwana wanu adye nanu nsima ya nyemba ali ndi chikumbumtima choyera kusiyana ndi kuti akutumizireni ndalama za Gehazi.

Ndipo ife mpingo, tisawaiwale. Ku Yeriko ana a aneneri ataona Elisa akubwera, anatuluka kukamchingamira, ndipo anazindikira kuti mzimu wa Eliya unali pa iye. Tikupempha akulu a mpingo, amayi a chigwirizano ndi atsogoleri a achinyamata kuti pa mlaga uliwonse mulembe maina a ana amene atsiriza maphunziro chaka chino. Aitaneni kutsogolo pa Sabata, apemphereni, ndipo apatseni chochita. Amene akupita kutali alembereni kalata ya umboni kuti akalandiridwe ku mpingo wa kumeneko, asakasowe abale. Nthawi zambiri timadandaula kuti ophunzira amathawa tchalitchi, koma kodi atabwera tinawapatsa malo? Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la mpingo uno likufuna mitu yawo.

Mtsikana uja anafika kwawo usiku womwewo, ndipo akudikirabe kuitanidwa. Sabata yapitayi tinamuona atakhala pa mphasa kuseri kwa tchalitchi, atazunguliridwa ndi tiana, akulemba zilembo pa dothi ndi kamtengo. Za mawa sakuzidziwabe, monganso ife tonse. Koma Mulungu amene anatsegula Yordano pamene Eliya ankapita ndi yemweyo anautsegula pamene Elisa ankabwerera yekha. Mphunzitsi anachoka, Mulungu wa mphunzitsiyo sanachoke.

Tipemphere: Atate wathu wa Kumwamba, tikuyamikani chifukwa cha ana athu amene atsiriza maphunziro. Atonthozeni pamene akusiyana ndi anzawo. Apatseni kudekha podikira, kulimba mtima pokana choipa, ndi kudzichepetsa potumikira. Kumene mudzawatume, akakhale mchere pa akasupe a dziko lathu. M'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu, Amen.

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, kufikira tidzachezenso mwezi wamawa.