ZA UMOYO WATHU: Alendo Okhala m'Matumbo

Abale anga a kuno ku Joni, sabata yatha mphwanga amene ndigona naye cipinda cimodzi ku Yeoville anabwera ndi kabotolo ka mankhwala kocokera ku kemisi. Pa kabotolopo panalembedwa mau akuti probiotics. Iye anati, "Acimwene, lero ndi tsiku lacitatu osapita kucimbudzi, ndipo wogulitsa wanena kuti umu muli tizirombo tabwino tokonza m'mimba." Atachula mtengo wace ndinagwira pakamwa, pakuti ndalama imeneyo ikanagula nyemba za mwezi wathunthu. Ndinamfunsa cimene anadya dzulo lace. Anati m'mawa buledi woyera ndi tiyi, masana kota ya chipisi, madzulo nsima ya ufa woyera ndi mapazi a nkhuku. Nanga ndiwo zamasamba? Anangoseka.

Tsono wogulitsayo sananame. M'matumbo mwa munthu ali yense muli tizirombo tosaoneka ndi maso tochedwa mabakiteriya. Mu 2016 anthu ophunzira a ku Weizmann Institute ku Israel anawerengera kuti munthu wamkulu ali nato pafupifupi matiriliyoni 38, ngakhale tonse pamodzi tilemera magalamu 200 okha. Ticuluka m'thumbo lalikulu. Nchito yace ndiyo kugaya zimene mimba yalephera, monga makoko a nyemba, gaga ndi luzi la m'masamba. Pogaya zimenezi titulutsa cinthu cochedwa butyrate, cimene ciri cakudya ca khoma la thumbo lomwelo. Ndiponso tidzaza malo, kotero kuti tizirombo ta matenda tisowa pomanga mudzi.

Maganizo akuti munthu angathe kumwa tizirombo tabwino ndi akale. Mu 1907 Elie Metchnikoff, wa ku Pasteur Institute ku Paris, analemba kuti anthu a kumidzi ya ku Bulgaria amakalamba bwino cifukwa ca mkaka wowawasa. Makolo athu sanamve za bamboyu, koma cambiko ndi thobwa logonetsa anazidziwa. Agogo anga, amene anabwera ku migodi pa Wenela, sankatopa kusimba za mahewu amene ankamwa m'komboni.

Koma imvani nkhani iyi, pakuti ndiyo inandiopsa. Mu 2015 dotolo Stephen O'Keefe wa pa University of Pittsburgh ndi anzace anafalitsa zimene anapeza atasinthanitsa cakudya ca magulu awiri. Anatenga anthu akuda 20 a ku America ndi anthu 20 a kumidzi ya ku KwaZulu-Natal. A ku America anawadyetsa za cimanga, nyemba ndi masamba. A kumidzi anawadyetsa nyama yonona, chipisi ndi zokazinga. Patangopita masabata awiri, butyrate anaculuka kawiri ndi theka mwa a ku America aja, ndipo zizindikiro zimene zimatsogolera khansa ya m'matumbo zinatsika. Mwa a kumidzi butyrate anacepa ndi theka, zizindikirozo zinakwera.

Masabata awiri okha! Ife tikatsika basi pa Park Station timacita kusintha komweko ndi ndalama zathu, ndipo timakhala nako zaka. Kwathu mgaiwa tinkauyesa ufa wa amphawi, nkhwani tinkadya modandaula. Kuno, pothamangira nchito mbandakuca ndi kubwerako usiku, tasiya zonse zimene tizirombo tathu timadya, kenaka tikudabwa kuti m'mimba mwauma.

Sindikunena kuti mankhwala a m'kabotolo ndi acabe ai. Mitundu ina imathandiza kucepetsa kutsegula m'mimba kumene kumadza munthu akamamwa maantibayotiki, popeza maantibayotiki amapha tizirombo toipa ndi tabwino tomwe. Koma tizirombo ta m'kabotolo ndi alendo odutsa. Mukaleka kumwa, tambiri timacoka pasanapite nthawi. Eni mudzi ndi aja muli nao kale, ndipo amafuna nyemba, nandolo, mgaiwa, mbatata, therere, kabici ndi nthoci. Amasi ndi yogati yosathira shuga nzabwino ndithu, koma werengani ngati palembedwa kuti live cultures. Mageu ambiri a m'makatoni amawatenthetsa ku fakitale kuti asasase msanga, motero akhutitsa koma tizirombo tace tinafa.

Cenjezo ndi ili. Mukaona magazi m'cimbudzi, mukamaonda popanda cifukwa, kapena kutsegula m'mimba kukakana kuleka, pitani ku kiliniki, musataye nthawi ku kemisi. Amene citetezo ca thupi lao ciri cofooka ayambe afunsa dotolo asanamwe za m'kabotolozi. Mwana akatsegula m'mimba, mpatseni madzi owiritsa lita 1 osakaniza ndi timasupuni 8 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere, muli pa ulendo wa ku cipatala.

Loweruka tinapita ku msika wa pa Rockey Street, tinagula nyemba, cigwada ndi botolo la amasi. Mphwanga anadya mbale ziwiri za nyemba tsiku limodzi, ngakhale ndinamuuza kuti ayambe pang'ono pang'ono, aziviike usiku ndi kutaya madzi ace. Lolemba anapita kucimbudzi bwino lomwe. Koma usiku wa Lamulungu tinagona zenera liri lotsegula, kunja kukuzizira.