OLOTA UFUMU WA NYASALAND AKAFUNSE KU THYOLO

Kwabuka kagulu ka anthu ophunzira, ena a iwo ogwira ntchito m'Boma momwe, amene apeza masewera atsopano. Akakhala m'malo ochezera amapeka mbiri ina ya dziko lino. Amati Malawi akanapanda kusanduka Repabuliki pa 6 July 1966, akanakhalabe ufumu pansi pa Mfumukazi Elizabeth, ndipo lero pansi pa Mfumu Charles, bwenzi misewu ili yosalala, ndalama ili yamphamvu, ndipo aliyense akudya katatu. Ena afika pojambula mbendera ya ufumu wawo wam'malotowo.

Kulota sikuletsedwa. Koma munthu wolandira malipiro kuchokera ku msonkho wa alimi ayenera kudziwa mbiri ya alimiwo asanayambe kuwapekera ina. Ufumu umene anthuwa akuulirawu dziko lino linaulawa kale zaka 73, kuyambira 1891 mpaka 1964, ndipo amene akufuna kudziwa kukoma kwake apite ku Thyolo akafunse.

Kumeneko adzauzidwa kuti Harry Johnston, nthumwi ya Mfumukazi Victoria, anapereka kwa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo amene anawatenga kwa mafumu posinthana ndi nsalu ndi mikanda ndi awo mpaka muyaya. Kampani ya British Central Africa inakhala ndi dera lalikulu la boma la Cholo, monga ankalitchulira atsamunda. Amang'anja amene anabadwira pamalopo, pamodzi ndi Alomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi, anasanduka alendo olipira lendi ndi thukuta lawo. Ndiye thangata ameneyo: mwezi umodzi kugwirira malo okhalapo, mwezi wina kugwirira msonkho wa nyumba, ndipo wowerenga masiku a mweziwo anali mwini esiteti yemweyo.

Adzauzidwanso za lamulo la 1928, limene linalola mwini esiteti kuthamangitsa banja limodzi mwa mabanja 10 alionse pakatha zaka zisanu zilizonse. Mnyamata akakwanitsa zaka 16 analibenso ufulu wokhala pamene anakwirira mchombo wake. Mkamwini wobwera kudzakwatira pamudzi, monga mwa mwambo wa makolo, ankatha kukanizidwa kumanga nyumba. Zonsezi zinkachitika chithunzi cha Mfumu ya ku Mangalande chili pakhoma mu ofesi ya Bwana DC.

Olota aja amayankha kuti Mfumukazi inalibe mlandu, olakwa anali eni maesiteti. Yankho limeneli ndi limene likugwetsa nkhani yawo yonse. M'chaka cha 1953 mafumu a dziko lino anapita ku London kukadandaula kwa Mfumukazi kuti asalowetsedwe mu Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Sanaloledwe kuonana nayo. Mu June chaka chomwecho Mfumukazi inavekedwa chisoti chaufumu, ndipo mu August Chitaganya chinakhazikitsidwa. Mwezi womwewo mkangano wa malalanje pa esiteti ya Mangunda, pafupi ndi Luchenza, unayatsa moto umene unafalikira m'Chigawo cha Kumwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. M'chaka cha 1959 enanso oposa 50 anaphedwa m'nthawi ya State of Emergency. Ngati chisoti chaufumu chinalephera kuteteza anthu amene chinalonjeza kuwateteza, chikanawapindulira chiyani chikanakhalapo zaka zina 60? Ngati chinali ndi mphamvu koma sichinafune, ndani angachilire?

Thangata sanathetsedwe ndi chifundo cha ku Buckingham Palace. Anathetsedwa ndi lamulo la 1962, Amalawi atavota mu August 1961 ndi kuika ana awo m'mipando ya unduna, Dr. H. Kamuzu Banda ali nduna yoyang'anira za malo. Chinasintha zinthu ndi voti ya munthu wakumudzi.

Komabe Chipani ndi Boma zisadzinamize. Maloto oterewa amamera pamene pali njala. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, ndipo ambiri a iwo amalima timinda tosakwana kudyetsa banja, m'mphepete mwa minda ya tiyi yotambalala mpaka kuphiri. Ndondomeko ya Kudzigulira Malo, imene inayamba mu 2004, inasamutsa mabanja pafupifupi 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje kupita ku Machinga ndi Mangochi, koma otsala ndi ochuluka kuposa opita. Malamulo atsopano a malo anakhazikitsidwa mu 2016. Lamulo lokhala m'kabati silinapatsepo munthu munda.

Choncho ntchito ya atsogoleri a nthambi za Chipani ndi akuluakulu a m'maofesi a za malo ndi yoonekeratu. Malo amene agona osalimidwa adziwike, ndipo lamulo ligwire ntchito pa iwo. Mayi wothyola tiyi alandire malipiro oti angagulire ufa ndi kulipirira mwana sukulu. Dandaulo la mfumu ya m'mudzi liyankhidwe lisanathe chaka. Akale anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ufulu umene Amalawi ali nawo m'manja, ndi zofooka zake zonse, uli ndi khomo limene munthu wa ku Bvumbwe kapena ku Thekerani angagogode ndi kufunsa. Mafumu a 1953 anawoloka nyanja kukagogoda pa khomo lina lija, ndipo anabwerako osatsegulidwa.