KUCEZA PAKHOMO: Mwana Wacokera ku Show, Wabwera ndi Ciani?

Kumapeto kwa Julayi caka catha ndinasemphana mau ndi mwana wanga wamkazi, ndipo cimene cinatisemphanitsa ndi mdzukulu wanga wa zaka 11. Mnyamatayu anali atatha caka cathunthu akundipempha kuti ndikamuonetse Show ya ku Lusaka, ija imatsekedwa pa Tsiku la Alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti. Iye sanali kufuna ng'ombe kapena mathirakitala ai, mtima wake unali pa akatungwe ndi gudumu lalikulu lonyamula anthu limene anzake anali kusimba.

Amai ake anakana. "Atate," anatero, "ndalama zimenezo zikwanira nsapato ndi yunifomu. Mwana amene analephera masamu temu yatha apite kukakwera akatungwe?" Mau awa anali ndi nzeru, pakuti masiku ano kwaca simabwera wamba. Ine ndinalonjeza cinthu cimodzi: ngati mwanayo abwerako ali ndi switi m'kamwa koma m'mutu mulibe kanthu, nsapatozo ndidzagula ndine. Ndinamgulira kabuku ka masamba ocepa ndi pensulo, ndipo tinanyamuka.

Phunziro loyamba linayambira m'basi. Kucokera ku Chipata kufika ku Lusaka pa mseu wa Great East pali makilomita oposa 550. Ndinamuuza kuti azilemba dzina la malo alionse aakulu amene tadutsa, ndipo analemba Katete, Sinda, Petauke, Nyimba, mlatho wa Luangwa, Rufunsa ndi Chongwe. Pa mlatho anafunsa kumene madzi aja apita. Ndinamuuza kuti Luangwa imakathira mu Zambezi, ndipo Zambezi imadutsa m'Mozambique kukathira m'nyanja yamcere ya Indian Ocean. Mapu amene kusukulu anali kumgonetsa tulo anasanduka cinthu coona ndi maso. Ndinamuuzanso kuti Lusaka inakhala likulu m'caka ca 1935, ndipo kale likulu linali ku Livingstone.

Pa cipata ndinampatsa K100 m'manja, ndi lamulo lakuti ciliconse cimene wagula alembe mtengo wake. Kenaka ndinakhala cete ndi kumleka asewere. Apa makolo ambiri timalakwa: mwana ali pakati pa cimwemwe, ife tayamba kumfunsa mafunso ngati ali m'mayeso, ndipo mapeto ake amadana ndi masewera ndi maphunziro omwe. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mafunso abwino ndi amene amacokera kwa mwana mwini, ndipo sacedwa kubwera.

Atatsika pa katungwe wozungulira anadzandira ngati woledzera, nafunsa kuti, "Ambuya, n'cifukwa ciani dziko likuzungulira pamene ine ndaima?" Ndinamfotokozera kuti m'kati mwa khutu muli timapaipi titatu topindika tokhala ndi madzi, timene timauza ubongo ngati mutu ukutembenuka. Munthu akazungulira kwa nthawi kenaka n'kuima mwadzidzidzi, madziwo amapitiriza kuyenda pang'ono, tsono khutu likuti tikuzungulira pamene maso akuti taima. Ndico cizungulire. Mwanayo anagwira khutu lake modabwa, ndipo sanadziwe kuti waphunzira sayansi.

Masamu enieni tinawapeza pa gudumu lija. Titaima patali tinayerekeza kutalika kwake ndi msinkhu wa anthu oima pansi pake, ndipo tinagwirizana kuti kucokera pansi kufika pamwamba ndi mamita ngati 10. Madzulo ndinamfunsa mtunda umene munthu amayenda gudumulo likazungulira kamodzi. Anakumbukira mwa apo ndi apo kuti aphunzitsi ananenapo za 22/7. Tinacurukitsa 10 ndi 22/7, ndipo tinapeza mamita 31 ndi pang'ono. Iye anali atawerenga kuti anazungulira kasanu, motero anayenda mamita pafupifupi 157 m'mwamba ali cikhalire. Ndinamuuzanso kuti gudumu limene linachukitsa masewerawa analipanga George Ferris ku Chicago m'caka ca 1893. Linali lalitali mamita pafupifupi 80, ndipo linali ndi zipinda 36, ciliconse conyamula anthu 60. Yekha anatenga pensulo napeza kuti ndi anthu 2,160 nthawi imodzi. Aka kanali koyamba kumuona akucita samu popanda womkakamiza.

Ku makola a ziweto anapita monyinyirika, koma kumeneko anaima nthawi yaitali. Anaona kusiyana kwa ng'ombe zathu za Angoni, za linunda pamsana, zopirira njala ndi dzuwa, ndi ng'ombe za mkaka za mtundu wa Friesian, zamathotho akuda ndi oyera. Anafunsa cifukwa cimene kumudzi sitiweta zamkakazo, ndipo mlimi wina anamyankha bwino koposa ine, kuti zimafuna cakudya cambiri, madzi okwanira ndi dibi yosadumphitsa. Safunsa anadya phula.

Phunziro limene linandikhudza mtima linabwera powerengera ndalama. M'thumba munatsala K7, koma zolembedwa m'kabuku zinakwana K88. Pa K100 panasowa K5. Anawerenga kawiri, katatu, kenaka anaweramitsa mutu nati, "Ambuya, ndinagula switi, sindinalembe, ndinaopa kuti mudzakalipa." Sindinakalipe. Ndinamuuza kuti manambala sadziwa kubisa, ndipo munthu wosunga ndalama za anthu, kaya m'sitolo kaya m'kabungwe, amadziwika ndi K5 yotereyi.

Titabwerera kunyumba nchito inapitirira. Analemba cimangirizo ca ulendo wonse m'Cinyanja, nacitembenuzira m'Cingelezi ndime ziwiri, najambula mapu a mseu ndi gudumu lija. Pa mtengo wa mango tinamanga katungwe, ndipo ndi wochi yanga tinawerenga kuti pa mphindi imodzi akupita ndi kubwera kangati. Atakwera mlongo wake wamng'ono, amene ndi wopepuka, ciwerengero cinali pafupifupi cimodzimodzi. Koma titafupikitsa cingwe, katungwe anafulumira. Cinthu cimeneci Galileo Galilei wa ku Italy anaciona zaka zoposa 400 zapitazo, ndipo ife tinaciona pansi pa mtengo wa mango.

Wina adzati, "Inu a katekisiti munali ndi ndalama ya basi, nanga ife?" Zoona, si banja lililonse lingafike ku Lusaka. Koma cionetsero ca zaulimi ca pa boma, msika wa Loweruka, cigayo, ngakhale njinga yogadamitsa pabwalo, zonsezi zili ndi masamu, sayansi ndi nkhani yolemba. Gudumu la njinga limamvera 22/7 monga la ku Chicago. Cofunika ndi kabuku, pensulo, ndi kholo lokhala ndi nthawi yomvera funso la mwana. Ngati yankho simulidziwa, nenani kuti, "Lemba, ukafunse aphunzitsi." Palibe manyazi pamenepo, mwana amaphunziranso kuti ngakhale akulu amafunsa.

Kodi nsapato zija ndinagula? Ndinagula ndithu, koma osati cifukwa ca lonjezo, mapazi ake ndiwo anakula. Temu yomaliza sanakhale woyamba m'kalasi, komabe masamu anakhoza, ndipo kabuku kaja akukasungabe pansi pa pilo. Tsiku lina amai ake anakapeza, nawerenga mpaka tsamba la K5 ija, naseka mpaka misozi. Pomaliza anati, "Atate, caka camawa tipite tonse, koma kabuku mugule tiwiri."